Manambala a Kunsi kwa Chitini

Mumsewu monse ankawatchula kuti Anasitolo, chonsecho sanagulitsepo ngakhale kandulo imodzi. Dzinali linabwera chifukwa cha kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo, momwe anayala matabwa panjerwa n'kusanjapo sopo, mchere, machesi, mafuta ophikira ndi zitini za mkaka wa ana. Iwo ankati katundu alibe ulemu, lero wadzaza m'mashopu, mawa wachoka osatsanzika. Ndiye akampeza ankagula wa miyezi itatu.

Mayiwa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu mosungira katundu mwa kampani ina, kunyamula makatoni ndi kupukuta fumbi. Kusukulu sanapondeko, posaina ankadinda chala. Koma kumeneko anatolako chinthu chimene ife odziwa kuwerengafe sitichiyang'ana n'komwe: timanambala tating'ono ta kunsi kwa chitini. Ankati zitini za nambala yofanana ndi za bere limodzi, chikadwala chimodzi ndiye kuti zadwala zonse. Choncho ankazisanja pachibale pachibale, zakale kutsogolo, zatsopano kumbuyo, ndipo chitini chikatha sankachitaya mpaka abale ake onse atatha.

Mpongozi wawo, telala wa pamsika, zimenezi zinkamufika m'khosi. Mwana wake wa miyezi isanu ankadalira mkaka wam'chitini, poti mawere anauma atadwala malungo, ndipo iye sankaona chifukwa chokhalira ndi zitini zopanda kanthu m'nyumba ngati kudzala. Loweruka lina apongozi atapita kukaona wodwala, anatenga zitini ziwiri zimene dzanja lake linafikira, n'kukhuthulira mkakawo m'botolo lalikulu lagalasi, lokongola ndithu, zitinizo n'kukaponya m'bini. Apongozi pobwera anayang'ana botolo, anayang'ana matabwa awo, n'kutuluka panja.

Patatha masiku asanu ndi anayi, dzuwa lili paliwombo, kasitomala wina amene ankayezetsa diresi anaonetsa telala uja uthenga pafoni. Kampani ya mkakawo inkaitanitsa zitini zonse za nambala yakutiyakuti, ati mkaka wake unalowa tizilombo kufakitale ndipo ana ena anali atagonekedwa kale m'chipatala. Mwana anali kumsana, atangomaliza kumwa za m'botolo lomwe lija, ndipo botolo lagalasi lilibe nambala. Telalayo anauyamba ulendo wa kunyumba chothamanga, tepi yoyezera ili m'khosi.

Anapeza apongozi akuchapa. Anafotokoza mawu akuphonyana, n'kuulula za zitini zija, misozi ili chuchuchu. Anasitolo anapukuta manja pachitenje, analowa m'kachipinda kawo, n'kutuluka ndi zitini ziwiri zotsukidwa bwino, china chili chophwanyika pambali. Kani anakazivuula m'bini madzulo a Loweruka lomwe lija!

"Ndionetseni nambalayo, amake mwana, muikulitse," anatero.

Abale, zimene anaona mtsikanayo sadzaziiwala. Mayi wosadziwa "a" anaika foni pabondo, chitini chogadabuza pabondo linalo, n'kutenga kamtengo ka machesi kulozera chizindikiro chimodzi chimodzi. Manambala analibe mayina akusukulu kwa iwo, anali ndi awoawo: ndodo, dzira, mbedza, mapasa. Ankanong'ona choncho, diso pafoni, diso pachitini, osafulumira ngakhale pang'ono, pomwe mpongozi wawo wa satifiketi manambala ankangomuvinira m'maso. Chitini choyamba chinasiyana pachizindikiro chachinayi. Chachiwiri chinafanana mpaka chachisanu ndi chimodzi, koma pomaliza foni inali ndi mbedza, chitini chili ndi dzira.

"Si zimenezi. Mwanayu sanamwe."

Sanathere pomwepo. Anabwereranso m'kachipinda muja, ndipo osafufuza n'komwe anatambasula dzanja pathabwa lachitatu n'kutsitsa zitini zisanu ndi chimodzi zosatsegula. Zonse zinali ndi nambala ya pafoni ija. Zinali zoyandikana ndi malo amene telala anatolapo ziwiri zake, mpata wake wosakwana chikhatho, ndipo m'botolo munali mutatsala mkaka wa masiku awiri okha.

Mtsikanayo anagwada pasimenti, manyazi ndi mantha zitamugwira pamodzi, akudikira kukalipiridwa. Iye anali wokonzeka kumva chilichonse. Koma Anasitolo anamanga zitinizo m'thumba kuti zibwerere kushopu, anatsamira khoma, kenaka n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi. Ali pansi pomwepo anatambasulira manja kwa mwana amene anali kumsana kwa mpongozi wawo.

"Tamumasulani mundipatse kuno," anatero motsitsa mawu. "Ndimumve akupuma."