Mapiri a m'Kabati ya Fagness

Mukafika pa Mtakataka n'kufunsa za Fagness wa ku ofesi ya zachifuwa, anthu akulozerani nyumba yamalata kuseri kwa msika. Kenako akuchenjezani kuti mukamupeza akuyang'ana pazenera musamudzidzimutse, chifukwa amakhala ali kutali. Sanama ayi. Mayi ameneyu thupi limakhala pampando, koma mutu uli kumapiri.

M'nyumbamo mumagwira ntchito anthu ofufuza za matenda a m'mapapo. Amayeza anthu a m'midzi yathu ino ya kuchigwa kawiri pachaka, kuti aone zimene utsi wa nkhuni, makala ndi fumbi zikuchita m'zifuwa zathu. Fagness si dokotala, si namwino. Unamwino ankaufuna ali mtsikana ku Golomoti, koma masamu a Fomu 4 anamukana kawiri konse. Ndiye anaphunzira taipi, nagulitsako tomato m'mbali mwa msewu zaka zitatu, mpaka ntchito iyi inamupeza. Yake ndi mapepala basi: kulemba anthu m'kaundula, kuwapatsa makadi a tsiku lobweranso, kuyankha foni, ndi kusunga mafayilo m'kabati yachitsulo imene kiyi wake amamangirira pansonga ya chitenje.

Munthu akabwera kudzayezedwa amamupana mphuno, n'kumuuza kuti auzire mpweya wake wonse m'kapaipi. Makina amajambula mpweyawo papepala, mzere umakwera kenako n'kutsika. Madokotala amaonapo manambala, koma Fagness amaonapo mapiri. Wakabaza amatulutsa phiri lalitali ngati a ku Dedza aja amene amatisuzumira kumadzulo. Mayi amene waphikira m'khitchini yopanda zenera zaka makumi anayi amatulutsa kachulu. Bambo ake a Fagness ankawotcha makala, ndipo anamwalira akutsokomola iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mpaka lero amadzifunsa kuti phiri lawo likanaoneka bwanji.

Masana a mu Okutobala, nyenje zikulira, phula la msewu likunyezimira ngati madzi, Fagness amatsamira kabati ija n'kumamva ngati ikupuma. Anthu mazana asanu ndi limodzi m'madirowa anayi, onse akukoka mpweya pang'onopang'ono, wina akulira kamluzu m'chifuwa, wina akuseka. Anzake amati wagona. Sanagone uyo, akumvetsera.

Tsono Lolemba lina kunabwera envulopu yochokera ku labu ya kutauni. Adokotala, mayi wamtali wosakonda zocheza, anaika pepala patebulo la Fagness.

"Nambala 417. M'makhololo amene anasiya miyezi iwiri yapitayo mwapezeka chifuwa chachikulu. Munthu ameneyu apezeke, akayambe mankhwala kuchipatala cha ku Mua sabata ino."

Fagness sanatsegule n'kaundula yemwe. Nambala 417 anali a Bonifasi, nkhalamba yoluka mikeka, ndipo 416 anali akazi awo, a Agatha. Tsiku lowalemba koyamba analikumbukira ngati dzulo. A Agatha anauzira m'kapaipi muja mpaka kutulutsa chiphiri chimene anamwino anachita kuitanizana. Amuna awo atauzira, kunatuluka kachulu kopanda n'chiswe chomwe. Mayiwo anaseka mpaka misozi. "Aa, bambo, mpweya wonse munathera pokangana ndi mbuzi?" A Bonifasi anangopukuta pakamwa n'kuyankha kuti, "Wanuwo utikwanira tonse awiri, mayi."

Wolondola anthu kumidzi pa ofesipo ndi Gidiyoni, bambo wa ku Blantyre, wabwino mtima koma wothamanga magazi. Anapita Lachiwiri, napeza nyumba yotseka. Anapitanso Lachitatu, anthu akungoti, "Anachoka amenewo." Chifukwa chowafunira sakanatha kunena, poti matenda a munthu ndi chinsinsi. Koma abale inu, munthu akufunsa ali chikwerere panjinga, injini ikulira, chipewa chachitsulo chili kumutu, moni wake wa theka, inu mungamulozere m'bale wanu? Ine ayi. Gidiyoni analemba kuti a Bonifasi anasamuka, sakudziwika kumene ali.

Lamulo la pa ofesipo ndi lakuti munthu amafunidwa katatu. Akapanda kupezeka kachitatu, kapena akapezeka n'kukana, Lachisanu fayilo yake imachotsedwa m'kabati n'kuikidwa m'katoni ya osowa. Ndipo munthu wa chifuwa chachikulu akasowa chonchi, amene amadzamupeza ndi adzukulu okumba manda.

Fagness anayang'anitsitsa fomu ya a Bonifasi. Pa malo a mudzi panali mzere umodzi wokha. Amene anakonza fomuyo kutauni ankayesa mwamuna amakhala ndi mudzi umodzi, kaya anakulira kuti. Kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini ndi mlendo ngakhale amere imvi pamudzipo. Fagness anaganiza kuti mwina a Bonifasi anabwerera kwawo kobadwira. Anapempha adokotala kuti ulendo wachitatu apite nawo.

Lachinayi m'mawa anakwera kumbuyo kwa Gidiyoni, koma anatsikira pamjigo, namuuza kuti azimitse injini adikire pomwepo. Anamanga chitenje bwinobwino n'kulowa m'mudzi wapansi. Pakhomo loyandikana ndi nyumba yotseka ija panakhala mayi akusenda chinangwa, tsitsi lake likungophuka kumene. Fagness ataona mutuwo anadziwa kuti pamudzipo panagwa zovuta. Anakhala pansi, nawomba m'manja, napereka moni wonse osadumpha, kenako anafunsa kuti watisiya ndani.

Anali a Agatha. Anangogwa kudimba patatha sabata imodzi chibwerere koyezedwa, osadwala n'tsiku limodzi lomwe. Fagness analira, osati kulira kwa ntchito ayi, kulira kwenikweni. Chiphiri chonse chija! Anawafotokozera mayiwo mmene a Agatha anasekera tsiku lija, ndipo mayiwo, amene anali mng'ono wawo wa malemu, anaseka ali m'misozi. Pamenepo m'pamene anamasuka.

"Alamu tinawasudzula titameta. Ana panalibe oti awagwire mwendo. Anabwerera kwawo kutsidya kwa njanji, kwa mlongo wawo, pamene pali milambe iwiri yokumbatirana. Uja wa njinga tinkayesa wapolisi."

A Bonifasi anawapeza pamthunzi wa milambe yomweyo akuluka mkeka. Anali atatha, malaya akungolendewera, ndipo akatsokomola ankagwira pansi ndi dzanja limodzi. Gidiyoni, amene tsopano anali atavula chipewa, anaima patali. Fagness anagwada pafupi, napepesa maliro, kenako ananena motsitsa mawu.

"Bambo, adokotala akukufunani lero. M'makhololo muja mwapezeka matenda ofunika mankhwala msanga. Ndi ochizika, mukangomwa mwandondomeko muchira."

"Mwavutika, mwana wanga, dzuwa lonseli," anatero a Bonifasi, zala zikulukabe. "Koma ndichire kuti nditani? Mpweya wotikwanira tonse uja unapita. Ndinalima pamudzi uja zaka makumi atatu ndi zinayi, ndinachokapo ndi kampeni aka ndi bulangete. Manda ake ali uko, anga adzakhala kuno. Ndisiyeni ndimalize mkeka wangawu."

Fagness mawu a chidokotala alibe, a m'Baibulo anamuthawa. Anakweza maso monga amachitira pazenera paja. Mapiri a kumadzulo anali atabisala mu utsi wa moto wolusa, akungooneka ngati akuyandama, ndipo iye anayamba kulankhula ngati munthu wolota, zinthu zimene m'buku la malamulo a ntchito mulibe.

"Kwathu ku ofesi simunasudzulidwe, bambo. M'dirowa yachitatu amayi ndi 416, inu 417. Mapepala anu agundana chonchi." Anaphatikiza zikhatho. "Mpweya umene anauzira tsiku lija ulipobe, ndimauona ndikatsegula. Fayilo ya womwalira sitichotsa, timangolembapo tsiku. Koma ya munthu wokana timachotsa n'kuika m'katoni kuchipinda china. Tsiku lake ndi mawa, ndipo wochotsa ndine, ndi manja angawa. Ine sindikufuna, zikundiwawa."

Zala zija zinaima. Nyenje zinalira, zinaliranso.

"Agundana?"

"Agundana, bambo."

"Iye ali kumanja kapena kumanzere?"

"Ali kutsogolo kwanu."

A Bonifasi anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, chifuwa chitatha anasekanso. "Ndiye yemweyo. Popita kutchalitchi, popita kudimba, iye patsogolo, ine m'mbuyo ndi khasu." Anayang'ana mkeka wosatha uja, kenako anaupinda n'kuitana cha kunyumba. "Achemwali, nditengereni jekete lija!" Atatembenukira kwa Fagness anati, "Anandichotsa kamodzi pambali pake. Kachiwiri ayi."

Gidiyoni anawakweza panjinga, nayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Fagness anabwerera wapansi mpaka pamsewu, fumbi mpaka m'mawondo, osamva n'kutopa komwe.

Lero mukaona mafomu a pa ofesi ija, pansi pa mzere wa mudzi pali mzere wina wapensulo, wolembedwa ndi dzanja la Fagness, wofunsa kumene munthu anabadwira ndi dzina la mlongo wake. Adokotala anauona, anangogwedeza mutu, sanaufufute. A Bonifasi anamaliza mankhwala awo onse, ndipo kachulu kawo kanakwerako pang'ono, ngakhale kuti phiri sikadzakhala.

Tsiku lawo loyezedwa likafika amalawirira, jekete lili pathupi ngakhale kutenthe bwanji. Asanalowe kwa anamwino amaima pa tebulo la Fagness, ndipo iye amadziwa kale. Amamasula kiyi pachitenje n'kukoka dirowa yachitatu. Mapepala sawaonetsa, lamulo silola, ndipo iwonso kuwerenga sadziwa. Amangovula chipewa, n'kuwerama pang'ono.

"Mayi, ndabwera," amatero.

Akatero amavala chipewa chawo n'kupita kukauzira m'kapaipi.