Bango Loyezera Munthu Wamoyo

Ndili mnyamata ndinagwira ntchito kwa mzungu wina wokalamba ku Blantyre, yosamala maluwa ndi kutsuka galimoto. Mkuluyo anali ndi tebulo lalikulu lothiridwa mchenga, ndipo pamchengapo pankaima tiasilikali ta pulasitiki, akasinja ndi ngamila. Loweruka lililonse ankabwereza nkhondo ya m'chipululu, ija ya kalekale ya azungu. Mnzake wosewera naye atamwalira, anayamba kuitana ine. Ndinaphunzira kuponya madayisi ndi kusuntha gulu la nkhondo poyeza ndi rula, mpaka ndinayamba kumugonjetsa. Pobwerera kwawo anandisiyira kasinja mmodzi ndi tiasilikali todzaza bokosi la machesi.

Nditabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Namitambo, matenda amenewa sanandichoke. Ena ali ndi bawo, ena mpira, ine ndinali ndi mchenga. Ndinatenga chitseko chakale, n'kuchikhomera timatabwa m'mbali, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje. Koma asilikali a m'bokosi limodzi la machesi sangamenye nkhondo, choncho ndinayamba kuumba anga ndi dongo, mkati ndikuikamo waya.

Apa m'pamene panali mutu wopweteka. Lamulo la masewerawa ndi loti chilichonse cha patebulo chichepetsedwe mofanana, ka sevente thu. Munthu wamkulu amatsala kutalika ngati mfundo ya kumapeto kwa chala chachikulu. Mfuti yake, chisoti chake, ngamila yake, zonse zitsate muyezo womwewo. Anga ankatuluka mitu ngati maungu, miyendo ngati ya bakha. Wina nditamuimika pambali pa kasinja, ankasuzumira pamwamba pake ngati akuyang'ana mumphika. Ndinkawaphwanya ndi chibakera, mkazi wanga n'kumangosesa. Sindinkadziwa kuti mutu umalowa kangati m'thupi la munthu, kapena kuti bondo limakhala pati. Ta pulasitiki tija n'tating'ono zedi, maso anga sakanatha kutiyeza. Ndinkafunika munthu weniweni.

Mkazi wanga anakana ndisanamalize n'komwe kulankhula. Ndiye ndinapempha neba wathu, bambo wamtali woyendetsa kabaza, munthu wanthabwala amene tinkagawana naye fodya.

"Achimwene, mukufuna kundisokera suti?" anatero akuseka.

"Suti ya chiyani, iwe ulibe ngakhale nsapato? Gona apa."

Ine ndine wamfupi, sindikanafikira kumutu kwake ataimirira, ndipo rula yanga ndi ya ana asukulu. Ndiye anagona chagada pakhonde panga, ine n'kusolola bango pampanda n'kuligoneka pambali pake. Ndinadinda ndi mpeni pachibwano, paphewa, m'chiuno, pabondo. Iye anatsinzina chifukwa cha dzuwa, manja atawapinda pachifuwa. Nditafika kumapazi ndinadula bangolo kuti lilingane naye ndendende.

Ndinamva beseni likugwa. Anali mayi ake, akuchokera kuchigayo. Ufa unali mbwee pansi.

"Mwana wanga wafa liti?" anakuwa.

Kwathu kuno munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha. Adzukulu amalidula molingana ndi mtembo, n'kupita nalo kwa wokhoma bokosi ndi kumanda. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinaziona kambirimbiri, koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali masamu okhaokha. Neba anadzuka akuseka, akuti ndi masewera chabe. Mayiwo sanaseke. Ine ndi pakamwa pangapa ndinangoti, "Mayi, musatisokoneze, tili pa ntchito," n'kulowa nalo bango m'nyumba.

Linandithandiza, sindinama. Mutu unalowa m'thupi kasanu ndi kawiri ndi theka, ndipo asilikali anga anayamba kuoneka ngati anthu. Ndinaumba gulu lonse, ndinaumbanso wamthenga wa pa njinga yamoto, wokongola kuposa onse.

Mvula itayamba, neba anagwa panjinga akuchokera ku Milepa. Thupi linatentha, anayamba kubwebweta, anamutengera kuchipatala. Tsiku lotsatira ndinaona kuti anthu asiya kudutsa njira ya pakhomo panga. Mkazi wanga anabwera kumjigo ndowa ili theka, akuti amayi anzake anachotsa ndowa zawo pamzere iye atangofika. Ndinamukalipira kuti asiye mantha opanda pake. Tonse tinamvapo zimene zimachitikira munthu akangolozedwa chala kuti ndi mfiti. Safunsidwa zambiri.

Anabwera m'mawa ndikunola khasu. Patsogolo panali atsibweni a wodwalayo, mkulu wodekha amene ndinkamulemekeza, pambuyo pawo mayi aja ndi chigulu cha anthu. Ena ndinaphunzira nawo sukulu. Bambo wina ananyamula botolo, ndipo fungo la petulo linandipeza iye asanafike.

"Tabwera kudzatenga bango la mphwanga," atsibweniwo anatero.

Ndinafuna kuwatukwana onse, mmodzimmodzi. Koma sindinayambe ndaopapo chonchi. Khasu linandipulumuka m'manja. Anthu analowa m'nyumba osaodira, anatuluka ndi bango, kenako anatulutsa chitseko chija anthu anayi, n'kuchiika pabwalo.

Dzulo lake ndinali nditakonza nkhondo. M'chipululu mulibe mtengo wobisalako, asilikali amakumba maenje n'kulowamo. Ndiye anga onse anali m'maenje, mchenga wafika m'khosi, timitu tokha tikuoneka, mizere mizere. Ndinayang'ana ndi maso a anthu aja, ndipo nanenso ndinaona manda.

"Mudzi wonse uli apa," mayi wina ananong'ona.

Atsibweni anatola wa njinga uja ndi nsonga za zala, n'kumukweza kuti onse aone. Mayi a neba analira ngati maliro afika kale.

"Uyu ndi ndani?" atsibweni anandifunsa.

"Si munthu ameneyo, atsibweni. Ndi dongo. Ndi masewera a nkhondo."

"Nkhondo yolimbana ndi ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za sevente thu, za mutu ndi thupi, za kasinja woyenera kupitirira munthu. Mawu anga ankamveka ngati a wamisala ngakhale kwa ine ndemwe. Wina anakuwa kumbuyo kuti, "Wavomera yekha kuti amachepetsa anthu!" Wa botolo uja anasendera kufupi ndi denga langa la udzu. Mkazi wanga anagwada m'matope, anagwira mwendo wa atsibweni, akungoti, "Bambo, ana anga ali m'nyumbamo, ana anga."

Mkuluyo anakweza dzanja, phokoso linatsika pang'ono.

"Wamanga ndiwe, umasule ndiwe. Ife sitikhudza."

Ndinavula patapata. Ndinaponda asilikali anga ndi chidendene, mzere ndi mzere, waya akundibaya, magazi akusakanikirana ndi mchenga. Ntchito ya miyezi yambiri inatha madzi asanawire pamoto. Kasinja ndi ta pulasitiki tija anandiuza kuti ndiponye pamoto ndekha. Tinasungunuka ndi utsi wakuda wonunkha, anthu n'kubwerera m'mbuyo atatseka mphuno, akuti mwamva fungo lake. Bango ndinalithyola pachizindikiro chilichonse, n'kukalitaya mumtsinje iwo akundiperekeza.

Pobalalika, atsibweni anandiyandikira n'kulankhula motsitsa, ngati akundiuza mtengo wa feteleza.

"Pemphera kuti adzuke. Akapita, sindidzatha kuwaletsanso."

Masiku otsatirawo sindinapite kumunda. Ana tinawatumiza kwa alamu anga ku Mauwa. Ndinkakhala pakhomo makutu ali kunjira, ndipo mayi aliyense akaitana mwana wake mokweza ndinkaimirira, poganiza kuti ndi mfuu ya maliro. Nsapato ndinkagona nditavala. Ine amene ndinkangopita kutchalitchi pa Khirisimasi ndinapempherera bambo ameneyo kuposa mmene ndinapemphererapo mayi anga ondibala.

Anachira. Kuchipatala anati anali malungo aakulu, ndipo mankhwala anagwira. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma kumudzi anawerengera mwina: bango lathyoledwa, tianthu taphwanyidwa, wodwala wadzuka. Umboni wina ungafunikenso wanji? Akanafa ndikanapsa ndi nyumba yanga. Poti anachira, ndinatsala wamoyo koma ndili mfiti yogwidwa.

Mpaka lero moyo wanga uli m'thupi la munthu wina. Neba akatsokomola kuseri kwa mpanda, ine ndimasiya kutafuna. Sitigawananso fodya. Amandipatsa moni ali panjinga, osatsika, maso ali kwina.

Mwezi wathawu ndinakumana naye pamsika, mvula ikukhuthuka, iye atanyamula matumba awiri a chimanga panjinga, malaya atamatirira pamsana. Mtima unandiphulika.

"Iwe, ukufuna kudwala? Ukufuna kundiphetsa? Vala ichi!"

Ndinavula jekete yanga n'kumuponyera. Anthu amene anabisala pakhonde la sitolo anasiya kucheza. Iye anaiwakha, anaiyang'ana, kenako anayang'ana anthu aja.

"Zikomo achimwene," anatero, "koma sindikuzizidwa."

Anaikoleka pa nthambi ya mtengo, n'kupalasa njinga kulowa mumvula.