Mgolo wa Tadala si wa kachasu

Moni nonse. Lero kuno ku Domasi taseka mpaka misozi.

Tadala, mwana wa achimwene uja akuphunzira sayansi, anatsekera utuchi mumgolo kuti mpweya usalowe, n'kusonkha moto kunsi. Utsi umadutsa mupaipi yomizidwa m'madzi, mafuta n'kumadonthera m'botolo.

Akulu a mpingo podutsa anaima chilili, n'kuitana amayi athu. "Inu a Mvano, mwayamba kutcheza kachasu? Mukayankha kubwalo la mpingo!"

Tadala anaonetsa akuluwo botolo lija: mafuta akuda bii, onata ngati uchi, onunkha utsi. Ananyikamo kansanza n'kuyatsa, kanayaka.

"Aa, awa ngakhale chidakwa sichingamwe!" anatero akuluwo akuseka, mlandu n'kuthera pomwepo.

Tsopano amayi akufuna mgolowo uikidwe kumaso kwa nyumba, aliyense wodutsa aziona mdzukulu wawo akutcheza mafuta. Abale, tilole?