Mzungu amene anabereka agogo

Bambo anga anali oyera khungu, tsitsi lawo lofewa. Ku Golomoti, kumene anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, anthu ankangowaitana kuti mzungu, iwo n'kumayankha osakwiya. Tonse tinkadziwa kuti mayi awo, agogo anga, anaberekedwa ndi mzungu. Koma mzungu wake uti, palibe ankadziwa bwinobwino.

Ena ankati anali Mngelezi amene ankalima thonje kumunsi kwa Mtakataka, mwana wa banja lolemera la ku Mangalande. Ena ankati ayi, anali mmodzi wa azungu oyeza njira ya njanji, amene anamanga msasa kwa kanthawi n'kupita. Mayi amene anabereka agogowo anamwalira osatchula dzina. Akafunsidwa ankangoti, "Mwanayu ndi wanga." Kwathu mtundu timautsata kuchikazi, choncho palibe anasowa munda chifukwa cha nkhaniyi, ndipo inangogona.

Inadzuka bambo atadwala sitiroko. Dzanja lamanzere linafa, pakamwa n'kupotoka pang'ono. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo ndikabwera kuchokera kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, ankandifunsa funso lomwelomwelo: "Kodi iwe wophunzira, sungafufuze?" Ndinalibe poyambira.

Chaka china, nthawi yookera mpunga, katekisiti wina wa ku Mua anafika kwathu ndi mayi wachizungu wa imvi. Anali atamva kuti mayiyo akufunsa za azungu akale a thonje, ndiye anakumbukira bambo. Tinawayalira mphasa, ine n'kumamasulira.

Mayiwo anafotokoza kuti banja lawo linakhala m'nyumba imodzi yamiyala kwa mibadwo yambiri, ndipo mayina a makolo awo onse amawadziwa. Koma panali mmodzi, mng'ono wa agogo awo aamuna, amene anabwera kuno kudzalima thonje osabwereranso. Za iyeyu akuluakulu sankafuna kukamba. Ena ankanong'ona kuti sanali mwana weniweni wa m'nyumbamo, anangoleredwamo.

Anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi chakale: mnyamata woonda ataima pambali pa hatchi. Bambo anaigwira foniyo ndi dzanja lamoyo lija, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Makutu awa ndi a mayi anga," anatero.

Ine sindinaone kufanana kulikonse, koma ndinamasulira momwemo.

Kenako mayiwo anatulutsa kabotolo. Anati bambo akalavuliramo malovu, akatswiri akwawo akawayeza n'kuona ngati pali chibale. Apa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anali pambali akusenda mtedza, anakankhira lichero kumbali.

"Achimwene, mukufunafuna munthu amene sanafunefune mwana wake? Agogo athu anali kamtsikana pamenepo. Mukudziwa kuti zinachitika motani kuti asafune ngakhale kumutchula?"

Mayi achizungu aja anandiyang'ana kudikira kuti ndimasulire. Ndinamasulira zonse, osachotsako. Mayiwo ananena motsitsa kuti azakhali akunena zoona.

Bambo anati, "Mlongo wanga, sindikufuna chuma chake. Ndikungofuna kudziwa amene ndamusenza pankhope moyo wanga wonse."

Kulavula kunawavuta chifukwa cha pakamwa paja. Malovu ankatsikira pachibwano, ine n'kumawapukuta ndi chitenje changa mpaka kabotolo kanafika pamzere. Azakhali ananyamuka kupita kuseri kwa nyumba.

Miyezi yotsatira bambo anasintha. Anayamba kundiuza kuti ndiziwameta ndevu, ndipo foni yanga ikalira ankatembenuka. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo wakale wa kunjanji kuti kwawo kwina kuli nyumba yamiyala. Ananena moseka, koma ine mtima unandiwawa.

Yankho linabwera titamaliza kupuntha mpunga. Mayi aja anaimba masana, ndipo ndinakweza mawu a foni kuti bambo azimva. Anati magazi achizungu apezekadi, a cha kwawo komweko, koma pakati pa iwo ndi bambo sipanaoneke chibale. Anawonjezera kuti ngati mnyamata wa pachithunzi uja analidi wongoleredwa, ndiye kuti kuyezako sikunatsimikize kanthu: akhoza kukhala mzungu timamufunayo, akhoza osakhala. Anapepesa kangapo.

Nditamasulira, bambo anayang'ana nkhuku pabwalo. Kenako anati, "Ndiye kuti nayenso mwina sankawadziwa bambo ake." Anandiuza kuti ndiwathokoze mayiwo chifukwa cha ulendo wautali umene anayenda.

Sabata yomweyo anapempha kuti tiwatengere ku Mtakataka, kumanda kumene kunagona agogo awo, mayi aja amene sanatchule dzina. Tinapempha chilolezo kwa eni mudzi, tinawakweza bambo pa kabaza wa njinga yamoto, ine nditawagwira kumbuyo. Azakhali anatsogola m'mawa pa minibasi, ngakhale poyamba anali atakana.

Mitumbira yakale inali itafafanizika. Mkulu amene anatiperekeza analoza pansi pa mtengo wa mthethe, azakhali n'kuloza chapatsogolo pang'ono. Anatsutsana pang'onopang'ono, kenako anangosiya. Bambo anaima pakati pa malo awiriwo atatsamira phewa langa, n'kuvula chipewa. Milomo yawo inkagwedera, koma sindinamve zimene ankanena, ndipo sindinafunse. Azakhali anawerama n'kuyamba kuzula udzu, kuyambira pamene analoza iwo mpaka pamene analoza mkulu uja.

Pobwerera bambo anadandaula za fumbi ndi kugwedeza kwa njinga, n'kundiuza kuti ndiwagulire chigumu pamsika. Nkhani ya mzungu sanaiyambenso. Anamwalira chilimwe chotsatira, ndipo tinakawaika m'manda omwewo.