Nsapato Pakhomo la Chipinda Chozizira

Ofesi yathu inali pamsewu wa Mosi-oa-Tunya, ndipo kompyuta yake inachokera ku Ulaya m'mabokosi amatabwa. Ankaitcha yaing'ono, koma musaganize za tanutanu toika pamiyendoti. Inali yaitali ngati kabati ya zovala, madisiki ake onyamula ndi manja awiri. Inkadana ndi fumbi ndi kutentha, choncho anaipatsa chipinda chakechake chozizira, chokhacho m'nyumba monsemo. Ife anthu tinkangopsa.

Lamulo lake linali lakuti nsapato zizitsala pakhomo, ndipo mlendo asalowe. Eni lamulolo anali abwana anga, mayi achilozi osaseka, amene anabwezapo pakhomo ngakhale manijala. Mnzanga wina ntchito inamuthera chifukwa chodyeramo chitumbuwa.

Okutobala wina mwana wanga wamkazi, atangoyamba kumene kuyenda, anatentha thupi. Mankhwala anatipatsa kuchipatala, koma kanyumba kathu kamalata ku Malota kanali ngati uvuni, mwana akungolefuka. Ndinamubereka n'kukalowa naye m'chipinda chozizira chija, kudzera kuseri, anzanga atapita kukadya. Ndinamugoneka pachitenje pafupi ndi makinawo, ndipo kulira kwa mafani ake kunamugonetsa tulo. Ine mtima uli m'mwamba, poti ntchito imeneyi ndiyo inkatidyetsa.

Chitseko chinatseguka, abwana n'kulowa, masokosi okha kumapazi. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pachitenjepo.

"Ni ndani uyu?"

"Ni mwana wanga, ba madamu. Adwala."

Ndinayamba kale kuganiza zokagulitsa tomato pamsika. Iwo anagwada n'kumukhudza pachipumi. Kenako anamuvula tinsapato take tapulasitiki pang'onopang'ono kuti asadzuke, n'kukatiika pakhomo pambali pa zawo.

"Lamulo ni lamulo," anatero, nkhope ili gwa. "Mailo mubwere naye futi." Ndiye kuti mawa lake ndidzabwere nayenso.

Makina aja anadzawagulitsa ngati zitsulo zotha ntchito, ndipo m'chipinda chija lero amagulitsamo mafoni. Ndimakusowa kulira kwa mafani kuja, ine ndemwe ndinkadandaula kuti kukundigonthetsa m'kutu.

Abwana anamwalira chaka chathachi. Mwana uja, amene pano ali ndi ana akeake, anandiperekeza kumaliro ku Dambwa North, ndipo nkhaniyi ndinamuuza panjira. M'nyumba ya siwa anthu ena ankalowa ndi nsapato. Iyeyo anaima pakhomo, n'kuvula zake, n'kugwada kudzandivula zanga.