Ndevu za Chimanga cha Mbewu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Lirangwe, masiku aja munthu akakuloza chala unkatha kusowa osadziwika kumene wapita. Kuseri kwa nyumba mayi anali ndi kamunda ka chimanga cha mbewu. Chitabereka, ndinkazemberamo ndi lumo la bambo n'kumameta ndevu zanthete zija, kuti zidole zanga zadothi zikhale ndi tsitsi. Zikaphukanso, ndinkametanso. Mizere itatu yathunthu.

Tsiku losenda, chimangacho chinali diso apa, diso apo, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Mayi sanafunse munthu. Anangoti Che Amidu, oyandikana nafe munda, atikokera chimanga ndi mankhwala, poti chawo chinali chodzaza bwino. Anati akawanenera kwa atcheyamani a chipani. Panadutsa masiku atatu. Ndikaona Che Amidu akudutsa ndi khasu, akundipatsa moni, ndinkathawira m'nyumba.

M'mawa umene mayi ankamanga mpango kuti azipita, panatulukira alangizi a zaulimi pa njinga, ochokera ku Chileka. Anatola makoko, n'kuona ndevu zodulidwa molingana. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anatembenukira kwa mayi.

"Mayi, ndevu iliyonse ndi njira ya diso limodzi. Fumbi la ngaiyaye likagwerapo, limatsika ndi uthenga. Kamwana kam'katimo kakaulandira m'pamene kamayamba kugawikana, pawiri, panayi, mpaka mbali ina idziwe kuti ndi muzu, ina tsinde. Uthenga ukapanda kufika, sikayamba."

Mayi anafunsa chimene chinatseka njirayo. Alangizi anati kaya, mwina ziwala, ndipo anakwera njinga. Mayi anamangitsa mpango uja, nati ziwala nazonso zimatumidwa.

Anali atafika pa msewu pamene ndinawathamangira, zidole zili m'manja. Ataona tsitsi la zidolezo, anazindikira amene anameta ndevu zija. Mtengo wa nandolo umene anathyola pomwepo ndimaumvabe m'miyendo muno. Chaka chotsatira tinabzala mbewu yopempha, ndipo Che Amidu anamwalira osadziwa kuti anatsala pang'ono kusowa.

Adzukulu anga amati sindikhulupirira munthu. Akunena zoona. Chinthu chimaonongeka kale chikadali m'makoko, ndipo wochiononga nthawi zambiri mumadyera naye mbale imodzi. Ndimakayikira aliyense, koma dzina la munthu sindipita nalo kwa akuluakulu ndisanaone ndi maso anga pamene lumo ladutsa.