Gitala ya Alamu Awo

A Magalasi amakonza mawailesi m'kachipinda kakumbuyo kwa sitolo ya penti. Mukalowamo mumalandiridwa ndi fungo la waya wopsa, mashelefu odzaza katundu amene eni ake anamuiwala kalekale, ndi kiyibodi yawo yakale yoimbira nyimbo, yofunditsidwa nsalu. Ndi munthu wofatsa, woti ntchentche ikhoza kumutera pamphuno osaiingitsa. Koma mungotchula alamu awo, a Wamtali, nkhope imachita tsinya ngati alawa ndimu.

Ali anyamata, awiriwa anali m'bandi imodzi, yoimba chamba cha roko chovuta chija. Nyimbo imodzi inkatha mphindi makumi awiri, kagundidwe kake n'kumasintha anthu asanapeze n'komwe povinira. Wopeka nyimbozo anali a Magalasi. Ankagona nazo, kudzuka nazo. Koma pa siteji a Wamtali ankangopinda msana, kuliza gitala, atsikana n'kumakuwa. Wa kiyibodi ankamuona ndani kumbuyo kuja? Ngati zimenezo sizinakwane, a Wamtali anakwatiranso mlongo wawo wa a Magalasi. Bandi inatha, koma nsanje sinathe.

Patapita zaka makumi atatu, woimba ng'oma wa bandi ija, amene pano amayendetsa basi, anawasonkhanitsa.

"Anzanga, imvi izi mukuziona? Tijambule chimbale chimodzi tisanafe."

Anajambulira m'galaja ya a Wamtali, atakhoma matiresi m'makoma. Aliyense ankaimba gawo lake payekha, ndipo ntchito yosakaniza mawu onsewo pa kompyuta inagwera a Magalasi, poti ndiwo odziwa mawaya. Abale, kumeneku kunali kusungitsa mbuzi kwa fisi!

Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kamodzi pa moyo wawo, anthu amve kiyibodi, adziwe mwini wake wa nyimbo. Koma m'nyimbo ina yaitali munali mphindi zinayi zathunthu za gitala ya alamu awo. Anaitsitsa pang'ono, n'kukweza kiyibodi. "Pang'ono pokha," anadziuza. Mawa lake pang'ono penanso. Pofika Lachisanu, gitala ija inkamveka ngati ikulira kunyumba yoyandikana nayo.

Loweruka masana mabanja anasonkhana m'galajamo kudzamvera chimbale. A Magalasi anabwera atakonzekera mkangano. Ankaufuna ndithu. Mawu oti akalavule anawasunga zaka makumi atatu.

Nyimbo inafika pa gitala paja. Onse anasendezera makosi ku sipika. Mlongo wa a Magalasi uja anayamba kupukuta misozi.

"Ee, koma gitala iyi!" anatero woimba ng'oma. "Ikuchita kukukoka khutu. Chonchi sunalizepo, Wamtali, ngakhale uli mnyamata."

A Wamtali anaimirira pang'onopang'ono n'kutambasula manja. Zala zinali zotupa m'mfundo, zokhota ndi nyamakazi. A Magalasi anali asanaziyang'anepo, poti munthu amene umamuchitira nsanje sumuyang'ana zala.

"Alamu, tsiku lalero ndinkaliopa," anatero a Wamtali. "Zalazi zinandikana kalekale. Ndinaphonya malo ambiri, ndikudziwa, ndipo inunso munamva. Mwandibisira manyazi osandiuza n'komwe. Ubale wake ndi umenewu."

Anawakumbatira mwamphamvu, magalasi awo a m'maso mpaka kupendama. Anthu anaomba m'manja. Woimba ng'oma anagamula pomwepo kuti pachikuto pa chimbale pakhale chithunzi cha gitalayo, onse n'kuvomera. A Magalasi akanaulula bwanji, anthu akuwatcha mngelo?

Mlongo wawo anabwera n'kuwagwira dzanja, maso ali ofiira.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Koma kanthu kamodzi kokha. Chiphokoso cha kiyibodicho simungachitsitseko pang'ono, kuti bambo akunyumba amveke bwino?"

A Magalasi anawongola magalasi awo.

"Ndichitsitsa," anatero.